Hilux ndi matayala a mainchi 33: m'mene ntchito ikuyendera ku Ngabu

Kumayambiriro kwa Okutobala

Galimoto yake ndi Toyota Hilux Vigo ya makomo anayi, ya 4x4, injini ya dizilo ya 2.5 D-4D, giya yamanja. Ntchito yake ndi kutolera katundu m'midzi: thonje ndi chitowe kuno ku Ngabu, mpunga wa ku Nkhate ndi ku Muona tsidya la kum'mawa, nthawi zina mbuzi. Pa tala wa M1 ilibe vuto. Mavuto amayamba mukapatuka. Chichitikireni namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo yatayira mchenga ndi miyala pamalo ambiri owolokera, ndipo mvula ikagwa mathirakitala ndi malole amasiya ngalande ziwiri zakuya, pakati pake mzere. Mzere umenewo ndi umene difu ya kumbuyo, chibulumwa chachitsulo chokhala ndi magiya pakati pa matayala awiri a kumbuyo, imakhalapo, matayala n'kumangozungulira m'malere.

Difu ya kumbuyo siikwera ndi masipuling'i, siikwera ndi mashokapu. Imakwera ndi tayala basi. Ndiye ndaganiza zochoka pa 265/70R16 amene ilipo pano kupita pa 285/75R16 a m'matope.

Masamu ake ndi awa. Pa 265/70R16, mbali ya tayala ndi 70 peresenti ya mamilimita 265, kutanthauza 185.5. Kawiri, kuphatikiza limu la mainchi 16 lomwe ndi mamilimita 406, tayala lonse likukwana pafupifupi 777. La 285/75R16 likukwana pafupifupi 834, ndilo anthu amangoti 33. Kusiyana ndi mamilimita 57, koma difu ikwera ndi theka lake lokha, 28 kapena 29. Zala ziwiri. Alamu anga, amene ndi makaniko ndipo ntchitoyi tikugwirira pa galaja yawo, atamva anaseka.

"Alamu, ndalama zonsezi chifukwa cha zala ziwiri?"

Ndawauza kuti zala ziwirizo ndi zimene zimasiyanitsa kudutsa ndi kukapempha ng'ombe za anthu kuti zikukokeni. Sanatsutse, koma anena kuti kutsogolo kwa Vigo si kwa Hilux yakale ya LN106, ndipo tidzatuluka thukuta.

Pakati pa Okutobala

Matayala afika kuchokera ku Limbe, asanu pamodzi ndi sipeya. Mtengo wake sindilemba, chifukwa chigwereni kwacha mu Novembala 2023 mtengo wa tayala sugona pamalo amodzi. A kaunjika ndinawakana ngakhale anali otsika. Manambala anayi omaliza a DOT m'mbali mwa tayala amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa, ndipo amene ndinawaona anali okalamba, labala yake itayamba ming'alu ing'onoing'ono pakati pa mano. Tayala lotero pa tala wa ku Nchalo masana a Novembala, kutentha kutapitirira madigiri 40, ndi maliro oyenda nawo.

Tisanamange chilichonse tinakweza galimoto pa jeke, n'kuchotsa tayala la kutsogolo kuti tiyang'ane pamene ntchito yagona. Amene anazolowera Hilux zakale kapena Land Cruiser 79 amadziwa ekiselo imodzi yolimba yolumikiza matayala onse awiri a kutsogolo. Pa galimoto zotero mukakweza, bodi yonse imatalikirana ndi ekiselo, nkhani n'kutha msanga. Vigo, imene inayamba kupangidwa mu 2004, siili choncho. Tayala lililonse la kutsogolo lili palokha, lagwidwa ndi mikono iwiri, wa m'mwamba ndi wa m'munsi, uliwonse ndi bolojointi yake. Shokapu yokhala m'kati mwa sipuling'i yakhazikika pa mkono wa m'munsi. Difu ya kutsogolo yamangidwa ku chasisi, ndipo mphamvu imafika ku matayala kudzera m'mashafuti awiri a CV, omwe ali ndi majointi opindika okutidwa ndi labala.

Zotsatira zake n'zakuti tayala limayenda m'njira imodzi yokha, kuchokera pamene mkono wagunda labala yoimitsira kumwamba kufika pamene shokapu yathera kunsi. Mukaika sipesa kapena sipuling'i yaitali, mapeto a kumwamba a njirayo simwawasuntha. Mwangosintha pamene galimoto imapumira m'njira yomweyo. Itaima pa galaja imaoneka yaitali, mpata pamwamba pa tayala uli mbwee. Koma tsiku limene tayala lidzagwere m'dzenje katundu ali pamsana, lidzakwera kukafika pamalo omwe aja limafika kale, ndipo ngati pamenepo pali chitsulo lidzachipeza. Anyamata ambiri a pa siteji amaganiza kuti kukweza ndiko kumalowetsa tayala lalikulu. Kukweza kumangochedwetsa kukhula.

Kumapeto kwa Okutobala

Nkhani ya malimu yatidyera nthawi kuposa china chilichonse mpaka pano.

Malimu amene anabwera ndi galimoto ndi a mainchi 7 m'lifupi, offset yake +30 (offset ndi nambala yonena m'mene limu lalowera m'kati; ikatsika, tayala limatuluka kunja). Tayala la 285/75R16 limafuna limu loyambira mainchi 7.5 kufika 9, ndiye pa limu la 7 limafinyika, pakati pake n'kutukumuka. Tinaliyesabe kuti tione. Mbali ya m'kati ya tayala inatsala pang'ono kukhudza mkono wa m'mwamba, mpata wake chala chosalowa. Tayala likaphwa pang'ono mumchenga, mpata umenewo watha.

Kenako tinabwereka limu la mainchi 8 la offset 0. Mabowo ndi omwewo, asanu ndi limodzi pa 139.7, ndipo bowo la pakati liyenera kukwana 106.1 kuti likhale bwino pa habu. Limu limeneli linatulutsa tayala kunja, mkono wa m'mwamba n'kukhala pa mtendere. Koma titapinda chiwongolero mpaka kumapeto, tayala linakagunda kumbuyo kwake, pa chitsulo chotuluka m'chasisi chimene chanyamula bodi pansi pa mapazi a dalaivala. Kutsogolo linakhudza ngodya ya bampa. Chifukwa chake n'chosavuta kuona mukagwada n'kuyang'ana wina akupinda: tayala likatalikirana ndi pamene limapindira, silizungulira pamalo pomwepo, limasesa bwalo lalikulu. Mumathawa mkono, n'kukagwera pa chasisi.

Palinso china chimene alamu amadana nacho pa limu lotuluka kwambiri. Kulemera kumachoka pakati pa beling'i ya habu n'kupita kunja, ndipo mwala uliwonse umene tayala lagunda umafika ku thayilodi ndi ku chiwongolero ndi mphamvu yochuluka. Pa msewu wa Thabwa kupita ku Fatima miyala sitichita kuisaka.

Tagwirizana pa malimu achitsulo a mainchi 8, offset ya pakatikati, cha m'ma +10. Achitsulo osati a aluminiyamu, chifukwa lachitsulo likapindika m'mphepete mumaliwongola ndi hamala pansi pa mtengo, pamene la aluminiyamu likasweka ndiye kuti lasweka. Masipesa a pa habu ndawakana. Ena amayenda nawo bwinobwino, koma ine sindifuna manati ena asanu ndi limodzi obisika kuseri kwa limu oti ndiziwaganizira usiku.

Sabata yoyamba ya Novembala

Takweza kutsogolo ndi mamilimita pafupifupi 40. Tinaika masipuling'i ndi mashokapu atsopano ogwirizana, osati sipesa pamwamba pa akale, poti akalewo anali atatopa kale. Kwa amene akufuna sipesa: shokapu yakhala chapakati pa mkono wa m'munsi, osati kumapeto kwake, ndiye sipesa ya mamilimita 25 imakweza galimoto ndi pafupifupi kawiri kake. Anthu amagula ya 50 poganiza kuti apeza 50, kenako n'kumadabwa galimoto itayang'ana kumwamba.

Sitinapitirire 40 chifukwa cha ma CV. Difu ili ku chasisi, ndiye chasisi ikakwera difu imakwera nayo, matayala n'kutsala pansi, mashafuti n'kupendekeka. Akapendekeka kwambiri, mapindo a labala ya CV amayamba kukhulana okhaokha paliponse pamene tayala lazungulira. Labala ikang'ambika girisi amatuluka, mchenga wa mu mtsinje wa Mwanza n'kulowa, ndipo pakangopita kanthawi mumva kuti kha kha kha popinda. Titatsitsa galimoto ndinagona pansi n'kuyang'ana: mapindo sakukhudzana, pakati pawo pakuoneka kuwala. Tinayang'ananso tayala litalendewera pa jeke, kuona ngati mkono wa m'mwamba ukugunda sipuling'i kapena bolojointi yafika pothera. Palibe chikugunda, ngakhale mpata wake si wambiri.

Kumbuyo sitinachite zambiri. Malifu atsopano olimbirapo kuti galimoto isagwade ikanyamula matumba, ndi mashokapu ake.

Kumene kunali nkhondo ndi mabawuti a alainimenti a pa mkono wa m'munsi. Mabawutiwa ali ndi mawashala okhala ndi bowo pambali, ndipo mukawazungulitsa mkono umasuntha. Galimotoyi yawoloka madzi ambiri pa moyo wake, ndipo awiri mwa mabawutiwo anali atagwirana ndi chitsulo cha m'kati mwa bushi chifukwa cha dzimbiri. Mafuta analephera, moto unangonunkhitsa labala. Tinachita kuwadula ndi sowo, tsamba likulowa pakampata ka pakati pa mkono ndi chasisi, magetsi atazima, kunja kukutentha koti sipanala yosiyidwa padzuwa osaigwira ndi dzanja. Mabushi ndi mabawuti atsopano talowetsa titawapaka girisi thupi lonse.

Pakati pa Novembala

Alainimenti tinakapangitsa ku Blantyre pa makina a kompyuta. Ndinapempha chinthu chimodzi: awonjezere caster (kupendekera m'mbuyo kwa mzere umene tayala limapindirapo) mpaka pamene mabawuti angalolere, camber (kupendekera kwa tayala m'kati kapena kunja) isanawonongeke. Kukweza kumadya caster, galimoto n'kuyamba kuyendayenda pamsewu, chiwongolero osabwerera chokha mukatuluka pakona. Koma phindu lina n'lakuti powonjezera caster kudzera pa mkono wa m'munsi, tayala limasunthira kutsogolo pang'ono, kutalikirana ndi chitsulo chonyamula bodi chija. Mamilimita ochepa okha, koma pamalo pamene akufunikira.

Mnyamata wa pa makina anafuna kungoika manambala a m'buku n'kundibwezera makiyi. Ndinachita kumukhazika pansi.

"Achimwene, zobiriwira pa kompyuta yanu ndaziona, koma galimotoyi siikhala m'tauni muno. Kankhireni tayala kutsogolo."

Anamvetsa, ndipo anagwira bwino.

Pobwerera kunali kutsika phiri lija la makona kupita ku Thabwa, ndipo mabuleki anandiuza okha kuti zinthu zasintha. Tayala lalikulu ndi lolemera, komanso pamene likugwira msewu patalikirana ndi pakati pa habu, ndiye mabuleki omwewo akugwira ntchito yaikulu kuti aimitse galimoto yomweyo. Makona amene kale ndinkatsika pa giya yachitatu tsopano akufuna yachiwiri. Titaima pa Thabwa ndinayandikitsa dzanja ku limu la kutsogolo, kutentha kwake kunali koposa kumene ndinazolowera. Mafuta a mabuleki tasintha onse, ndipo mapadi ndiika abwino, osati a pa msika.

Sipidomita nayo yayamba kunama. Tayala latsopano ndi lalikulu ndi 7 peresenti, ndiye singano ikaloza 80 galimoto ikuthamanga pafupifupi 86, ikaloza 50 ili pa 53 kapena 54. Sipidomita za m'fakitale zimakonda kuwerenga mopitirira pang'ono, choncho gawo lina la bodzali ladyedwa pamenepo, koma ndafananitsa ndi GPS ya pafoni ndipo singano ikutsalirabe. Pa Dyeratu ndi pa Nchalo ndizikumbukira zimenezi. Makilomita nawo akuwerengedwa ochepa, ndiye posintha oyilo ndi powerengera dizilo ndiyenera kuwonjezera 7 pa 100 iliyonse.

Kumapeto kwa Novembala

Kuyesa kwenikweni tachitira kuseri kwa galaja, pamene pali chulu ndi ngalande ya madzi a mvula. Tinapaka choko m'mphepete mwa mano a matayala a kutsogolo, n'kuika matumba a mchenga kumbuyo ndi anthu anayi m'kati. Ndinakweza tayala la kumanja pachulu mpaka la kumanzere kumbuyo litayamba kupepuka, kenako kupinda chiwongolero mbali zonse, kutsogolo ndi chobwerera m'mbuyo. Chobwerera m'mbuyo n'chofunika, chifukwa mabushi amalola tayala kusuntha pang'ono ndipo pamene silikhudza popita kutsogolo limatha kukhudza pobwerera.

Choko chinasiya mizere yoyera m'malo atatu: pa pulasitiki ya m'kati mwa madigadi, pa ngodya ya m'munsi ya bampa, ndi pa nsonga ya chitsulo chonyamula bodi, mbali zonse ziwiri. Pa chitsulopo mzere wake unali waufupi, wotalika ngati chala chachikulu, koma penti inali itayamba kale kuchoka. Ziwiri zoyambazo ndi ntchito ya mpeni ndi moto pang'ono. Pulasitiki tinaitenthetsa n'kuikankhira m'kati, bampa tinaisenga, malabala otchinga matope tinawasunthira m'mbuyo. Mphepete ya malata imene imatuluka kuseri kwa pulasitiki tinaigoneka ndi hamala n'kuipaka penti kuti isachite dzimbiri.

Chitsulo chonyamula bodi ndi nkhani ina, chifukwa ndi gawo la chasisi. Ndinazengereza. Alamu anandionetsa kuti chimene chikudulidwa ndi ngodya ya kutsogolo yokha, kutali ndi bawuti ndi labala yake, ndipo pamalo podulidwapo pamatsekedwa ndi chitsulo chokhuthala chimodzimodzi kuti bokosilo likhalenso lotseka. Kudula n'kusiya pululu ndiko kumapha, chifukwa matope amadzazamo ndipo chitsulo chimafooka. Batire tinachotsa tisanawotcherere, labala ya bodi tinaikulunga ndi chiguduli chonyowa, ndipo wowotcherera anagwira pang'onopang'ono, kuwotcha pang'ono, kudikira pazizire.

Pa kuchuluka kwa chodula ndi pamene tinatsutsana. Wowotcherera anafuna kuchotsa chongokwanira kuti tayala lidutse, chala chimodzi cha mpata. Ku Blantyre chala chimodzi n'chokwana. Kuno ayi, chifukwa cha makande. Dothi lakuda la ku Ngabu likauma limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, koma likanyowa limamata, ndipo tayala likazungulira kangapo limavala chikhakha chokhuthala pamwamba pa mano. Tayala la 33 limasanduka la 35 popanda kulipira. Matope amenewo amadzazanso m'kati mwa madigadi, pamwamba pa mkono, kuseri kwa chitsulo chija, ndipo akasakanikirana ndi udzu ndi mapesi a mapira amalimba koti chiwongolero chimakana kupinda. Mpata woyeza galimoto ili youma, yotsukidwa, si mpata umene mudzakhale nawo mu Febuluwale. Tinadula mpaka zala zitatu zikulowa momasuka chiwongolero chili kumapeto, tayala litakwera.

Disembala, mvula itayamba

Mpweya ndikuyeza m'mawa galimoto isanayende. Masana geji imanama, chifukwa pa madigiri 10 aliwonse amene tayala latentha mpweya umakwera ndi pafupifupi 0.1 bar, ndipo amene amaphwetsa tayala lotentha kuti lifike pa nambala ya m'mawa amadzuka mawa lake lili lophwa. Pa tala wopanda katundu ndakhazikika cha m'ma 2.3. Ndinapeza nambalayi pojambula mzere wa choko chopingasa pa mano n'kuyenda pang'ono: choko chikafufutika pakati pokha mpweya wachuluka, chikafufutika m'mbali mokha wachepa. Ndi katundu, kumbuyo ndikuwonjezera. Mumchenga ndikutsitsa kufika cha m'ma 1.4, ndipo pampu yamagetsi yakhala katundu wosachoka kuseri kwa mpando, chifukwa kubwerera pa tala ndi mpweya umenewo ndi kuphika tayala.

Ulendo wa tsidya la kum'mawa wayenda bwino. Pamalo owolokera pakati pa Livunzu ndi Masenjere, pamene kale ndinkamva difu ikukwekwereza mchenga, ndadutsa osamva kanthu. Minga ya mthethe, imene inkandiboolera matayala akale m'mbali, mpaka pano sinapeze polowera. M'makande a kuno kwathu mano aakulu akutaya matope ngati tayala likuzungulira mofulumirako, koma mukamayenda mwaulemu amadzaza ndipo tayala limasalala ngati lina lililonse. Zala zitatu zija zinadzaza matope mpaka kutsala chimodzi, koma chiwongolero chinapindabe.

Chimene ndataya ndi mphamvu. Tayala lalikulu ndi 7 peresenti latalikitsa magiya onse ndi 7 peresenti yomweyo, ndipo 2.5 siinali injini ya mphamvu zotsala. Ponyamuka ndi matumba a mpunga kilachi ikugwira ntchito yambiri, moti pamalo ofewa kapena okwera ndikunyamukira pa L4, giya yotsika ya 4x4, kusiyana n'kuipsereza. Pokwera phiri kupita ku Blantyre giya iliyonse ikubwera msanga. Giya yachisanu yasanduka ya pa chigwa pokha, kuyambira Bangula kufika pa mlatho wa Kamuzu. Dizilo akupita wochulukirapo, ndipo m'nyengo zimene mafuta amasowa pa mafilingi siteshoni zimenezi zimamveka m'thumba. Phokoso la mano pa tala ndi lalikulu koti wailesi ndikuchita kukweza.

Mankhwala a mphamvuyo ndi kusintha magiya a m'madifu onse awiri, kutsogolo ndi kumbuyo, kuti afanane. Ndalama yake ndi ya matayala ena asanu, ndiye chaka chino ayi.

Munthu wina wa Vigo ya 2.5 anabwera pa galaja kudzaona, akufuna kuchita zomwezi. Ndinamulangiza 265/75R16. Limakwana pafupifupi mamilimita 804, likweza difu ndi 13, limakhala pa limu la fakitale, ndipo kawirikawiri silifuna galaindala pa chasisi. Amene ntchito yake yambiri ili pa M1 ndi misewu ya m'minda ya nzimbe sakusowa zoposa pamenepo. La 33 ndi la munthu amene difu yake imakhaladi pansi mwezi ndi mwezi.

Januwale

Sipeya ikadali vuto. Pansi pa bodi ikulowa mokakamiza, itatsamira chitsulo cha ngolo, ndipo yayandikira paipi ya utsi kuposa m'mene ndingafunire. Pakali pano yamangidwa kumbuyo kwa kabu choimirira, ndipo ikudya malo a matumba awiri. Wowotcherera akuti apanga chonyamulira cha pa bampa ya kumbuyo chotseguka ngati chitseko, koma ndikufuna ndione kaye mahinji ake ndi pamene adzamangire ku chasisi.

Matayala akutuluka kunja kwa madigadi ndi chala chimodzi ndi theka, ndipo matope akufika pa magalasi a m'mbali mpaka pa zogwirira zitseko. Malabala otambasula madigadi ndaitanitsa, ndikufuna akhale atamangidwa isanakwane nthawi ya COF.

Titatsuka pansi sabata ino tapeza labala ya CV ya m'kati, mbali ya kumanzere, ili ndi kamzere konyezimira pa pindo lachiwiri. Sinang'ambike, girisi sakutuluka, koma ndi chizindikiro chakuti mapindo akukhudzana galimoto ikalendewera. Alamu akuti tisunthe kalampu ya kumapeto kwake pang'ono pa shafuti kuti labala itambasuke, ndipo zikapitirira tiike masipesa otsitsa difu ya kutsogolo. Thayilodi ya kumanja yayamba kusewera pang'ono pogwedeza tayala pa jeke. Inali yakale kale, ndipo yatsopano yagulidwa. Tikaisintha ndiye kuti alainimenti iyenera kubwerezedwa, choncho zonsezi tizichitira pamodzi Loweruka likubwerali, Lolemba n'kukwera ku Blantyre ngati msewu pa Bereu uli wodutsika.